Kodi Mumadziwa? Kuthamangitsa Anthu Opanda Mapepala ku America N'kodula Koopsa

Ku America kuli anthu osachepera 11 miliyoni amene akukhala m'dzikomo popanda chilolezo. Kunena kuti onsewa abwerere kwawo n'kosavuta pamsonkhano wandale, koma ntchito yake njodya ndalama. Mu 2025 boma la dzikolo linanena lokha kuti kugwira munthu mmodzi, kumusunga ndi kumutumiza kwawo kumadya madola pafupifupi 17,000. Bungwe la American Immigration Council linawerengera mu 2024 kuti kuthamangitsa anthu 1 miliyoni pachaka kungafune madola 88 biliyoni chaka chilichonse. Zambiri mwa ndalamazi zingathere pomanga ndi kuyendetsa ndende, poti munthu amayamba wasungidwa podikira mlandu wake, chikhalirecho makhoti oona za anthu olowa m'dziko ali kale ndi milandu yoposa 3 miliyoni yosaweruzidwa. Ngakhale mu 2012, pamene boma la Obama linathamangitsa anthu ambiri zedi, chiwerengero chinangopitirira pang'ono 400,000.

Ena amati lamulo liyenera kutsatidwa, ndiponso anthuwa amadyera boma. N'zoona kuti dziko lililonse lili ndi ufulu woteteza malire ake, ndipo ana a anthuwa amaphunziradi m'sukulu zaboma. Koma bungwe la ITEP linapeza kuti mu 2022 anthu opanda mapepala anapereka misonkho yokwana madola pafupifupi 97 biliyoni, ina n'kulowa m'thumba la penshoni limene iwo saloledwa kutapamo. Ndiye pali nkhani ya kumunda. Mwa antchito 10 alionse olembedwa ntchito yolima ndi kukolola, pafupifupi 4 alibe mapepala, ndipo atachoka onse nthawi imodzi zipatso ndi ndiwo zamasamba zingawolere m'minda, mitengo ya chakudya n'kukwera.