Kodi Womenya Mnzake Adzachitanso?

Munthu akatuluka m'ndende atagwira ukaidi chifukwa chovulaza mnzake, achibale amamulandira ndi chimwemwe, koma mumtima amadzifunsa ngati adzachitenso. Akatswiri a za maganizo a anthu apeza kuti mbali ina ya yankho ili pa mtundu wa nkhanza zimene munthuyo anachita.

M'chaka cha 1987, Kenneth Dodge ndi John Coie a ku America, pofufuza ana a sukulu, anasiyanitsa mitundu iwiri ya nkhanza. Woyamba ndi wa mtima wapachala. Munthu amanyozedwa pamowa, mtima umagunda kwambiri, thupi limatentha, ndipo amatola chikuni asanaganize. Anthu otere amaona chipongwe ngakhale pamene palibe. Wina akawaponda mwangozi kuchigayo, iwo amati wachita dala. Mkwiyo ukatha, ambiri amachita manyazi.

Mtundu wachiwiri ndi wa nkhanza zokonzekera. Wochitayo sakhala wokwiya konse. Amabisalira panjira mlimi amene wagulitsa fodya, nammenya kuti alande ndalama. Kwa iye, kumenya ndi chida ngati khasu.

Ku Canada, m'chaka cha 2002, Michael Woodworth ndi Stephen Porter anafufuza akaidi 125 opha anthu. Mwa akaidi ouma mtima, osamva chisoni ndi osadziimba mlandu, oposa 9 mwa 10 alionse anapha ndi cholinga chimene anakonzeratu. Mwa akaidi enawo, ochita zotere anali pafupifupi theka. Anthu ouma mtima chonchi amabwereza milandu ya nkhanza kawirikawiri kuposa anzawo, choncho kukonzekera ndi chizindikiro chosayenera kuchipeputsa.

Izi sizitanthauza kuti wa mtima wapachala ndi wosaopsa. Chimene chinamupsetsa mtima dzulo chidzabweranso mawa, makamaka ngati akumwabe kachasu ndipo akukhala nyumba imodzi ndi amene anammenya. Ndiponso anthu ambiri amaonetsa mitundu yonse iwiri. N'chifukwa chake ofufuza amayang'ananso zina: wamenya anthu kangati, anayamba ali ndi zaka zingati, ndipo mowa amamwa motani. Woyamba ali mwana nabwereza kangapo ndiye wodetsa nkhawa koposa. Msinkhu ukamapita, nkhanza zimachepa mwa anthu ambiri.

Thandizo nalo limasiyana. Wa mkwiyo angathe kuphunzira kuzindikira thupi lake likayamba kutentha, kuchoka pamalopo, ndi kusiya mowa. Azachipatala amathandiza pa zimenezi, ndipo pakafunika amatumiza munthu ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Tisaiwale apa kuti odwala misala ambiri savulaza munthu aliyense. Koma kuphunzitsa wachifwamba kuugwira mtima sikupindula kwenikweni, pakuti vuto lake si mkwiyo. Iyeyu amafunika ntchito ya manja, kusiyana ndi anzake akale, ndi maso a amfumu ndi achibale.

Mayi amene mwamuna wake anamukanyangapo pakhosi, kapena kumuopseza kuti amupha, asadikire kuti aone ngati asintha, chifukwa zizindikiro ziwirizi zimatsogolera imfa kawirikawiri. Auze anamwino, kapena apite ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yolamula womenyayo kuti asayandikire mayiyo.