Boma likachepetsa ndalama zogwiritsa ntchito, ululu umagwera ndani?

Funso limene lakhala likubwerabwera tikatuluka mu mzikiti ndi ili: ngati malipiro a aphunzitsi ndi anamwino sanadulidwe, bwanji aliyense akulira, mpaka wogulitsa usipa amene sanalembedwepo ntchito m'boma? Tiyeni tione m'mene zinthuzi zimayendera.

Boma limapeza ndalama kudzera m'misonkho, thandizo lochokera kunja ndi ngongole. Kwa zaka zambiri lakhala likugwiritsa ntchito ndalama zoposa zomwe limatolera, ndipo dzenjelo limakwiriridwa ndi ngongole. Ngongoleyo ili ndi chiwongoladzanja. Mu bajeti ya 2024/25, pafupifupi kwacha imodzi pa makwacha anayi aliwonse inapita kolipira chiwongoladzanja chokha, ndalama zoposa zomwe unduna wa zaumoyo unalandira. Ife Asilamu timaphunzitsa ana athu kuti riba imadya mwini ngongole pang'onopang'ono. Apa tikuiona ikudya dziko lathunthu.

Zikafika pamenepa, obwereketsa monga bungwe la IMF amati tikuthandizani, koma muyambe mwakonza m'nyumba mwanu. Kukonzako ndi kuchepetsa zomwe boma limagula, kuchepetsa kulemba anthu ntchito, kuchepetsa thandizo lotsitsa mitengo, kuonjezera misonkho ndi kuisiya kwacha kuti ipeze mtengo wake weniweni. Si zachilendo. Malawi anayamba kutsata ndondomeko zoterezi mu 1981. Akuluakulu akukumbukira misika ya Admarc ikutsekedwa m'midzi, komanso makampani a boma akugulitsidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990, anthu ambiri n'kubwerera kumudzi atachotsedwa ntchito.

Chitsanzo chapafupi ndi Novembala 2023. Banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180 n'kufika K1,700. Patangopita masiku ochepa IMF inavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni ya zaka zinayi. Mwezi womwewo Pulezidenti Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu aboma ndi kudula theka la mafuta a nduna. Zimenezi zinamveka bwino pa wailesi, ndipo zinali zoyenera. Koma ndalama zopulumutsidwa mwanjira imeneyo n'zochepa poyerekeza ndi zomwe zinachoka m'matumba mwa anthu wamba usiku umodzi.

Tiyerekeze mphunzitsi wolandira K200,000. Kwacha isanagwe, ndalamayo inali ngati madola 170. Itagwa, inasanduka madola 118. Pa pepala la malipiro palibe chomwe chasintha, koma mafuta agalimoto, feteleza, mankhwala, tirigu wopangira buledi ndi zambiri zopangira sopo ndi mafuta ophikira timagula kunja ndi madola. Ndiye mitengo imakwera sabata yomweyo, pamene malipiro amadikira bajeti ina. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kupitirira pa chaka, ndipo ya zakudya inkakwera koposa apo. Malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo anakwezedwa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 kumayambiriro kwa chaka chimenecho, koma lamuloli limafikira olembedwa ntchito mwadongosolo okha. Mlovi, woganyula m'munda, mayi wochapa zovala kwa eni ake ndi mwalimu wa ku madrassah sadziwa n'komwe kuti lilipo.

Nanga wa usipa zimamufika bwanji? Mwini boti amagula petulo wa injini ndi ukonde wa chilimira pa mtengo watsopano. Pogawana ndalama za tsikulo, amayamba wachotsa za mafuta, ndipo gawo la alovi limatsala lochepa. Mayi wogula nsomba pa doko amalipira zambiri pa ndowa, amalipiranso zambiri pa galimoto yopita ku Limbe kapena ku Lilongwe. Akafika kumsika amapeza ogula ake ndi aphunzitsi, apolisi ndi makalaliki omwe aja, amene tsopano akugula kamulu kamodzi m'malo mwa tiwiri. Iye sangakweze mtengo monga momwe ena amukwezera, chifukwa nsomba sidikira. Phindu lake ndi limene limadulidwa. Madzulo mwana wake amabwera ku madrassah opanda kangachepe ka mwalimu, ndipo mwalimuyo mwezi umatha osalandira.

Nkhani ya ntchito ndiyo imandiwawa kwambiri monga mphunzitsi. Boma likaika malire pa ndalama za malipiro, silichotsa anthu ambiri ayi, limangosiya kulemba atsopano. Achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi ndi unamwino amakhala pakhomo zaka akudikira, pamene m'kalasi mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi ana oposa zana, ndipo pachipatala mzere ukuyamba kusanache. Ena mwa ana amene ndinawaphunzitsa ku sekondale ali pa kabaza ndi satifiketi m'nyumba. Ena anapita ku Joni. Kunena zoona, banja lolandira ma rand kwacha ikagwa limapumako pang'ono, ndipo n'chifukwa chake anyamata a ku Mangochi sasiya ulendowu ngakhale akudziwa zoopsa zake. Koma amasiya akazi ndi ana kwa zaka, ndipo milandu ya mabanja otere timaiweruza ndife mashehe.

Kumundanso n'chimodzimodzi. Pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP inayamba mu 2020 ndi alimi oposa mamiliyoni atatu. Pofika 2023/24 inali itatsika kufika pa 1.5 miliyoni. Wotsala kunja amagula feteleza pa mtengo wa kusitolo, kapena amalima wopanda, n'kudzagula chimanga chodula mu Januwale.

Sindikunena kuti boma lizingokongola osaleka. Munthu wodya zoposa zomwe amapeza tsiku lina amayenera kusiya, ndipo dziko silisiyana naye. Funso ndi lakuti ayambe kusiya ndani. M'chaka cha njala yaikulu ku Madina, cha m'ma 18 Hijri, Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) analeka kudya nyama ndi mafuta a mkaka mpaka anthu atapeza chakudya, anachedwetsa kutolera zakaat kwa okhudzidwa, ndipo anaitanitsa chakudya kuchokera ku Syria. Anadzimana yekha, osauka n'kuwaonjezera. Kwathu kuno zimakonda kuyenda chammbuyo. Komanso ngongole ya IMF ija inatha yokha mu Meyi 2025 boma litangolandirako madola pafupifupi 35 miliyoni, koma mitengo yomwe inakwera chifukwa cha iyo sinabwerere.

Pali zomwe zili m'manja mwathu. Amene muli ndi maboti, masitolo kapena antchito apakhomo, kumbukirani kuti malipiro amene munagwirizana zaka ziwiri zapitazo sagulanso zomwe ankagula, ndipo kuwasiya pomwepo n'kumudula wantchito mwakachetechete. Makomiti a mizikiti akhale pansi aonenso zomwe amapereka kwa amwalimu. Pa zakaat, nisab imawerengedwa ndi magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, choncho mtengo wake m'makwacha umasintha chaka ndi chaka. Funsani mtengo wa chaka chino musanawerengere 2.5 peresenti yanu. Ndipo amene mwapanikizika, musanapite kwa wa katapila, yambani mwafika kwa akomiti a mzikiti wanu kukafunsa ngati pali thumba la ngongole yopanda chiwongoladzanja. Ngati kulibe, Lachisanu likudzali ikambidwe nkhani yoliyambitsa.