Dzuwa likuswa mtengo, koma foni siikutchaja

Kuno ku Dwangwa dzuwa silisowa. Nanga bwanji tchaja ya sola imakana kudzaza foni masana enieni? Ambiri amathamangira kunena kuti batire lafa. Ine ndimati tiyambe tayeza. Bwerekani multimeter, muyiike pa DC, mutsatire magetsi kuchokera pa sola mpaka pa foni. Pomwe nambala yagwa, vuto lili pomwepo.

Yambani ndi sola, mawaya ake mutawamasula. Sola yolembedwa 12V imaonetsa ma volt 18 mpaka 22 padzuwa. Koma nambala imeneyi imanamiza, anzanga. Sola yakuda imaonetsabe ma volt ambiri pamene ma amp ake atsikiratu. Nyengo yodula nzimbe, phulusa la m'minda yotenthedwa limatera pamalata ndi pasola pomwe. Tizigawo ta sola timalumikizana motsatizana, ndiye chitosi cha mbalame chikaphimba kamodzi, tonse timafooka. Ipukuteni m'mawa isanatenthe, ndipo muipendeketsere pang'ono kumpoto poti tili kummwera kwa equator.

Batire la 12V lodzaza, litapuma, limaonetsa pafupifupi 12.6. Likatsika pansi pa 12, theka lapita kale. Ngati lagona lodzaza n'kudzuka lofooka popanda woligwiritsa ntchito, kayikirani diode. Ntchito yake ndi kutseka njira kuti usiku magetsi asabwerere ku sola.

Tsopano pomwe ine ndimapezera vuto kawirikawiri. USB imafuna ma volt 5 okha, choncho opanga tchaja pakhomo amaika 7805, kachipangizo ka miyendo itatu kaja. Kamatsitsadi magetsi, koma otsalawo kamawasandutsa kutentha. Kumbukirani P = VI ya mu Physics. Kuchotsa 5 pa 12 kutsala 7. Foni ikakoka amp imodzi, ndiye kuti ma watt 7 akungotenthetsa kachitsuloko, pamene foniyo ikulandira 5 basi. Zotayika zaposa zolowa! Kakatentha kwambiri kamadzizimitsa kokha. N'chifukwa chake foni imatchaja mphindi zochepa, kusiya, kenako kuyambiranso, makamaka ndi kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala. Mungakamangirire pachidutswa cha aluminiyamu kuti kazizizira, koma kwa ine ndi bwino kungoika tchaja ya m'galimoto m'malo mwake, chifukwa imataya mphamvu yochepa. Pafupi ndi batire musaiwale fuse. Mawaya akagundana amatha kuyatsa moto.

Zonsezi zili bwino koma foni ikuzengerezabe? Yang'anani kebulo. Waya wowonda ndi wautali wa theka la ohm amadya theka la volt pa amp imodzi, foni n'kulandira 4.5 yokha, ndipo mafoni ambiri akaona choncho amachepetsa kukoka. Popanda foni multimeter ionetsabe 5, chifukwa palibe chikuyenda m'wayamo. Yesani kebulo yaifupi ya mnzanu musanamasule chilichonse.