KODI CHIMANGA NDI FODYA ZIMADYA CHIYANI?

Alimi ambiri a kumapiri a Dedza, kuyambira ku Bembeke kufikira ku Linthipe ndi ku Lobi, akafunsidwa kuti chimanga chimadya chiyani amayankha kuti chimadya nthaka. Yankho limeneli lili ndi choonadi chochepa chabe. Gawo lalikulu la chimanga chimene chili m'nkhokwe zanu silinachokere m'dothi ayi, koma ku mpweya ndi madzi, ndipo ntchito yochipanga inachitikira m'masamba ndi mphamvu ya dzuwa. Mlimi amene wamvetsa zimenezi adziwa chifukwa chake alangizi amaumirira pa kubzala msanga, kupalira ndi kuumitsa bwino zokolola, ndipo sadzayesanso malangizowo ngati malamulo wamba.

TIZIPINDA TA MOYO

M'chaka cha 1665 munthu wina wa ku England, dzina lake Robert Hooke, anafalitsa zimene anaona atayang'ana kachidutswa ka khungwa la mtengo ndi galasi lokuza zinthu. Anaona kuti khungwalo linali ndi tizipinda tambirimbiri tonga zisa za njuchi. Tizipinda timeneti ndi timene lero titchula kuti maselo, ndipo tsopano n'zodziwika kuti chamoyo chilichonse, kaya ndi chimanga, kaya ng'ombe, kaya munthu, chinamangidwa ndi maselo monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Ndi aang'ono kwambiri, kotero kuti maselo 20 a mbewu akhoza kundanda pa milimita imodzi. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Selo lililonse la mbewu lili ndi khoma kunja kwake, ndipo m'kati muli madzi ndi kachinthu kamene kamasunga malangizo a mtundu wa mbewuyo. Mbewu imakula pamene maselo akugawikana, limodzi kukhala awiri, awiri kukhala anayi, kenaka n'kufufuma ndi madzi. Kugawikanaku kumachitika makamaka kunsonga za mizu ndi pamtima pa mbewu. N'chifukwa chake kapuchi akaboola mtima wa chimanga chaching'ono phesi lonse limaleka kukula, ngakhale masamba akunja akadali obiriwira.

Madzi ndiwo amaimitsa tsamba chilili, pakuti amakankha makoma a maselo monga mpweya ukankha chubu cha njinga. Madziwo akachepa maselo amaphwa, ndipo tsamba limafota. Chotero mbande za fodya ziwokeredwe pa dothi lonyowa, pakuti mizu yake imakhala itaduka pozula ndipo siingathe kumwa msanga.

TSAMBA NDILO MPHIKA, DZUWA NDILO MOTO

Kalekale sing'anga wina wa dziko limene lero litchedwa Belgium, Jan Baptist van Helmont, anabzala mtengo wa msondodzi wolemera mapaundi 5 mu mtsuko wokhala ndi dothi louma lolemera mapaundi 200. Anauthirira madzi okhaokha zaka zisanu. Pomaliza mtengowo unalemera mapaundi 169, koma dothi linangochepa ndi maaunsi awiri okha. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 1648. Iye anaganiza kuti mtengo wonse unachokera ku madzi, ndipo apa anaona mbali imodzi yokha. Mu 1779 Jan Ingenhousz wa ku Holland anaonetsa kuti masamba obiriwira amatulutsa mpweya wabwino pokhapokha pali kuwala, ndipo anzake a m'mbuyo mwake anapeza kuti tsamba limamwa mpweya wina wotchedwa carbon dioxide.

Ntchitoyi imayenda motere. Patsamba pali timabowo tosaoneka ndi maso, mmene mumalowera mpweyawo. Mizu imatumiza madzi kudzera m'timitsempha ta m'phesi. M'maselo a tsamba muli timibulu tobiriwira tokhala ndi utoto wotchedwa chlorophyll, ndipo utotowu umagwira kuwala kwa dzuwa. Ndi mphamvu ya kuwalako selo limaswa madzi, n'kutaya mpweya wa okosijeni umene ife timapuma, ndipo zotsalazo limaziphatikiza ndi carbon dioxide n'kupanga shuga. Ana amene amatafuna phesi laliwisi amamva kutsekemera kwa shuga ameneyu. Mbewu imalumikiza shugayu n'kukhala sitachi, imene ndiyo ufa wa m'njere za chimanga ndi mnofu wa mbatata ya kachewere. Wina imamangira makoma a maselo, ndiwo mapesi ndi zitsononkho.

Taonani tsono phindu la kudziwa zimenezi. Udzu umene waphimba chimanga chaching'ono umachilanda kuwala pamodzi ndi madzi, chotero kupalira kochedwa sikubweza zimene zatayika m'masabata oyamba. Ufa wambiri wa m'chisononkho umapangidwa ndi masamba a pamene pali chisononkhopo ndi a pamwamba pake, chimanga chitamasula kale. Munthu wothyola masamba amenewa akali awisi kuti adyetse ziweto akuchepetsa nsima yake yomwe. Ndiponso kukakhala ng'amba, timabowo tija timatsekeka kuti madzi asathawe, masamba n'kupindika. Koma timabowo tikatsekeka mpweya sulowanso, ndipo kupanga shuga kumaima. Kutseka mizere kuti madzi amvula adikhe, ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi, kumathandiza kuti mphikawo usazimire moto. Pa fodya, kuthena ndi kuchotsa mphukira kumabweza shuga amene akanapita ku maluwa kuti akhuthalitse masamba ogulitsa.

ZIMENE NTHAKA IMAPEREKA

Pa magawo 100 a mapesi ouma, oposa 90 anachokera ku mpweya ndi madzi. Umboni wake ndi phulusa lochepa limene limatsala mulu waukulu ukapsa. Koma zochepa zimene nthaka imapereka ndi monga mchere m'ndiwo: popanda izo ntchito yonse iwonongeka.

Choyamba ndi nayitrojeni, amene amafunika popanga utoto wobiriwira uja ndi zomanga thupi za m'maselo. Akasowa, mbewu imamusamutsa ku masamba akale kupita ku atsopano, chotero masamba apansi ndiwo amayamba chikasu, kuchokera kunsonga kutsata msana wa tsamba. Chachiwiri ndi fosiforasi, amene amanyamula mphamvu m'kati mwa selo ndi kuthandiza mizu. Akasowa, masamba a chimanga chaching'ono amaoneka ofiirira, ndipo izi zimachuluka pa nthaka yozizira. Chachitatu ndi potaziyamu, amene amatsegula ndi kutseka timabowo ta tsamba, ndiponso amathandiza kuti fodya aziyaka bwino. Akasowa, m'mphepete mwa masamba mumauma ngati mwapsa.

Chodabwitsa n'chakuti pa magawo 100 a mpweya wotizinga, 78 ndi nayitrojeni, koma chimanga sichingathe kumutenga mwachindunji. Mu 1886 akatswiri awiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, anaonetsa kuti mbewu za mtundu wa nyemba zimatha kutero mothandizidwa ndi tizilombo tokhala m'timibulu ta pa mizu yake. Zulani nyemba, mtedza kapena soya wa m'munda mwanu, mudule kambulu kamodzi: ngati m'kati muli mofiira, dziwani kuti tizilomboto tili pantchito. Kasinthasintha wa chimanga ndi mbewu zimenezi ndiwo feteleza wosagula. Feteleza wa yureya ali ndi magawo 46 a nayitrojeni pa 100, koma nayitrojeni amatsika msanga ndi mvula yambiri, n'chifukwa chake amathiridwa kawiri, wokulitsa ndi wobereketsa, osati tsiku limodzi. Ndipo wotentha mapesi adziwe kuti nayitrojeni wa m'menemo amapita ndi utsi.

MBEWU NAZO ZIMAPUMA

Shuga ndi nkhuni zosungidwa. Kuti selo ligwire ntchito liyenera kuwotcha shugayo pang'onopang'ono ndi okosijeni, popanda lawi, n'kutulutsa carbon dioxide, madzi ndi kutentha. Kumeneku ndiko kupuma kwa maselo, ndipo kumachitika usana ndi usiku, m'mbewu ndi mwa anthu momwe. Mphamvu imene mlimi amanyamulira khasu ndi ya dzuwa lomwe lija, imene inasungidwa m'nsima.

Mizu nayo imapuma mpweya wa m'timipata ta dothi. Madzi akadzaza timipatato masiku angapo, monga zimachitikira m'madambo mu Januwale ndi Febuluwale, mizu imabanika ndipo chimanga chimachita chikasu ngakhale chili m'madzi.

Ntchito zonse za m'selo zimafulumira kukafunda, ndipo zimachedwa kukazizira. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake lifika pafupifupi mamita 2,200. Chotero chimanga chimachedwa kucha kumtunda kuno kusiyana ndi ku Golomoti kapena ku Mtakataka, ndipo wobzala mochedwa chisanu chimamupeza njere zisanakhwime. Komabe kuzizira kwa usiku kuli ndi ubwino wake, pakuti mbewu siiwotcha shuga wambiri, ndipo mbatata ya kachewere imabereka bwino pa nthaka yozizira.

Njere ya m'nkhokwe ndi yamoyo. Ikauma bwino, chinyezi chake n'kutsika kufika pa magawo 13 pa 100, imapuma pang'ono kwambiri. Ikasungidwa yonyowa imapuma mwamphamvu, imatenthetsa mulu wonse, ndipo chuku ndi anankafumbwe zimapeza malo. Chuku china chimasiya poizoni amene satha ndi kuphika.

Nalonso tsamba la fodya silifa tsiku lothyola. M'chigafa maselo ake amapitiriza kupuma masiku angapo. Utoto wobiriwira umasweka, chikasu chimene chinabisika chimaonekera, ndipo sitachi imasanduka shuga. Mukaumitsa mofulumira, ndi moto wambiri kapena mphepo youma, maselo amafa ntchitoyi isanathe, ndipo tsamba limauma ndi mawanga obiriwira amene amagwetsa mtengo ku okushoni. Mukapanikiza mikangala pa nthawi ya chinyezi, tsamba limawola. Lekani tsamba liyambe lachita chikasu, kenaka muumitse.

Tsono, alimi, mukamayendera minda yanu chaka chino, yang'anani masamba poyamba. Onani ngati akulandira dzuwa, ngati atambasuka kapena apindika, ndi mtundu umene apansi aonetsa. Mukaona chizindikiro chimene simukuchimvetsa, thyolani tsamba limodzi mupite nalo kwa mlangizi wa m'dera lanu nthawi yothandiza mbewu isanapite.