Mathanki Awiri, Mpweya Umodzi

Alangizi a zaulimi ku Chifunde, m'chigawo cha Tete, akamanena za dziwe la nsomba amati tanque, pa Chipwitikizi. Mawu omwewo, thanki, ndi amene munthu wa ku Lusaka kapena Johannesburg amatchulira bokosi lagalasi la pabalaza, lokhala ndi tinsomba tosadyedwa ndi zomera zometedwa bwino ngati kapinga wa pabwalo la mpira. Poyamba ndinkayesa kuti zinthu ziwirizi zikungofanana dzina. Nditakhala pambali pa zonse ziwiri ndinaona kuti eni ake akulimbana ndi chinthu chimodzi: mpweya wa m'madzi, umene umasintha pakati pa usana ndi usiku.

Tiyambe ndi lagalasi, poti ndi limene lili ndi zodabwitsa zambiri. Mpweya wa carbon dioxide, uja kusukulu tinkangouti mpweya woipa, mwini thankiyu amachita kugula. Zomera zikaona kuwala zimaumeza n'kumanga nawo matupi awo, koma madzi ongokhala amasunga wochepa kwambiri, mamiligalamu awiri kapena atatu pa lita imodzi. Iye amafuna 20 mpaka 30. Amene anatchukitsa luso limeneli ndi Takashi Amano wa ku Japan, yemwe anamwalira mu 2015, chaka chomwe ku Oceanário ya ku Lisboa anatsegulira thanki lake la mamita 40 m'litali ndi malita 160,000 a madzi.

Mpweyawo umabwera m'silinda yachitsulo, koma kuuthira m'madzi sikungolowetsa paipi basi. Thovu likakwera n'kuphulika pamwamba, ndalama yapita kudenga. Ntchito ya reactor ndi yotchinga zimenezi. Ndi chipaipi chonenepa choimirira, chotseka mbali zonse. Madzi amalowera kumwamba n'kutulukira kumunsi, pamene thovu, mwachibadwa chake, likufuna kukwera. Zimakankhana m'menemo mpaka thovu litasungunukiratu, ndipo madzi amatuluka opanda kathovu n'kamodzi komwe.

Vuto limadza ndi sump, lomwe ndi thanki lachiwiri lobisika m'kabati pansi pa lija looneka. Madzi amasefukira kumwamba, n'kutsika ndi paipi, n'kusefedwa, kenako pampu imawabwezanso. Kwa nsomba n'zabwino zedi. Koma gwedezani botolo la Fanta muone zimene zimachitika: madzi akamagwa ndi mkokomo, mpweya wogula uja umathawa. Choncho odziwa amaika reactor pa paipi yobwerera kumwamba, madzi atadutsa kale pampu. Paipi yotsika amaimiza kukamwa kwake m'madzi a mu sump n'kuichuna kuti izidzaza madzi okhaokha osakoka mphepo, ndipo sump yonseyo amaivundikira. Mnzanga amene ndinamuona akukonza zimenezi anagwada pafupifupi ola lathunthu, khutu lili pa kabati, akupotokola vavu pang'onopang'ono mpaka kukhuthukira kwa madzi kutasiya kumveka. Anati thanki likamalira ndiye kuti likudya ndalama.

M'kati mwa galasimo amapachika kabotolo kokhala ndi mankhwala osintha mtundu. Kakakhala kabuluu mpweya wachepa, kakabiriwira zili bwino, kakachita chikasu nsomba zili pangozi.

Tsopano tsikirani kudambo. Dziwe la amalume anga ndi dzenje lokumba ndi khasu, lakuya pafupifupi mita imodzi, lolandira madzi kuchokera m'kangalande. Pangodya anazika timitengo n'kuikamo manyowa a nkhuku ndi a mbuzi. Manyowa akamawola amatulutsa chonde, ndipo tizilombo towoletsato timatulutsa mpweya womwe uja wa m'silinda, mwaulere. Madzi amabiriwira ndi tizomera tosaoneka ndi maso, ndipo pende, nsomba ya banja la chambo imene anthu a ku Tete amaidziwa bwino, imadya timeneto pamodzi ndi madeya. Kabotolo kosintha mtundu kulibe. Amalume amapisa mkono: chikhatho chikazimirira madzi atafika cha m'chigongono, zili bwino. Chikazimirira dzanja litangolowa, madzi athina, manyowa achuluka.

Kuyeza kwa mkonoku sindikuchepetsa, ndipo m'njira yake n'kolondola ndithu. Kusiyana kwenikweni kuli pa usiku.

Dzuwa likalowa, kapena nyali ikazima, zomera zimasiya kumeza carbon dioxide n'kuyamba kupikisana ndi nsomba pa okosijeni. Mwini galasi ali ndi poyankhira. Pa silinda pali vavu yamagetsi yolumikizidwa ku wotchi, imene imatsegula ola limodzi kapena awiri nyali isanayake n'kutseka nyali isanazime. Usiku wonse sump ija, imene masana inali wakuba, imasanduka mthandizi, chifukwa madzi oyendayenda amataya mpweya wotsala n'kutenga wabwino. Manyowa alibe vavu. Amawola usana ndi usiku, ndipo kukatentha amafulumira. Madzi otentha nawonso amasunga okosijeni wochepa: pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita akakhala pa madigiri 20, koma 7.5 okha pa madigiri 30. Mu Okutobala ndi Novembala, kangalande katachepa madzi, nthawi yoopsa ndi ya mbandakucha.

Kumeneko thanki lagalasi lapambana. Koma kupambana kwake kwatsamira pa waya wa magetsi. Magetsi akazima pampu imaima, madzi a m'mapaipi amatsikira mu sump, ndipo ngati simunasiye malo okwanira mudzawapeza pansi pa mipando. Silinda ikatha, ulendo ndi wa kumzinda, kaya kulowera ku Tete kaya kudutsa pa Cassacatiza kupita ku Zambia. Zimapweteka pang'ono kukumbukira kuti damu la Cahora Bassa, lomwe linamalizidwa kumangidwa mu 1974, lili m'chigawo chomwechi ndipo magetsi ake amayenda makilomita oposa 1,400 kukafika ku South Africa, pamene midzi yambiri ya m'boma la Chifunde ku Mualadzi ndi N'sadzu imadalirabe tochi ndi kasola. Ena amati silinda n'njosafunika, shuga ndi yisiti m'botolo zimakwana. N'zoona kuti thovu la mowa ukamawira ndi mpweya womwewu, ndipo mayi aliyense wofulula masese amaupanga migolomigolo. Koma botolo la yisiti lili ndi matenda a manyowa omwe aja, silitsekeka, komanso mphamvu yake n'njosakwana thanki lalikulu lokhala ndi sump.

Dziwe silifuna chilichonse mwa izi. Likalakwika, mankhwala ake ali pafupi ndipo sagulidwa, bola munthu adzuke nthawi yake. Komanso limapereka ndiwo, zomwe galasi silidzachita. Ndikadapatsidwa malo kudambo la mtsinje wa Luia ndi ndalama za reactor, ndikadagula mbewu ya nsomba ndi madeya. Chimene ndingabwereke kwa mwini galasi ndi khalidwe lake lothira pang'onopang'ono, kudikira, kenako kuyang'ana nsomba asanawonjezere.

Tsiku lina amalume anandidzutsa tambala woyamba atangolira. Titafika padziwe, pamwamba ponse panali timilomo, nsomba zikuyasamula ngati ana a mbalame m'chisa.

“Mphwanga, tsegula madziwo,” anatero.

Ndinagumula dothi lotseka kangalande, iwo n'kulowa m'dziwemo mpaka m'chiuno, n'kuyamba kuvuula manyowa ndi manja kuponya kumtunda. Kenako anatenga chidebe n'kumatunga madzi kuwaza m'mwamba kuti agwe ndi mkokomo, mkokomo womwe uja mnzanga wa galasi anagwadira ola lathunthu kuti autontholetse. Dzuwa litafika pa nsonga za bango, timilomo tija tinayamba kuzimirira kamodzikamodzi. Tinatola nsomba zisanu zoyandama, ndipo tsiku limenelo madeya sanathiridwe.