Kodi Chotupa Chija Chabwereranso?

M'sewero lija munamva za bambo amene analandira chithandizo cha cheza chifukwa cha chotupa cha mu ubongo. Anabwerera kumudzi ali bwino. Patapita chaka mutu unayamba kuwawawa, nayamba kuiwala maina a ana awo, ndipo tsiku lina anagwa ngati wa khunyu. Achibale ena anati khansa yabwerera, ena anati alodzedwa. Nanga chinachitika n'chiyani?

Cheza chimenechi, chomwe madokotala amachitcha radiotherapy, amachilunjikitsa pa chotupa kuti chiphe khansa. Koma ngakhale makina alunjike bwanji, ubongo wabwino woyandikana ndi chotupacho umalandirako. Mwa odwala ena, osati onse ayi, timitsempha ta magazi ta pamalopo timaonongeka pang'onopang'ono. Tina timayamba kudontha, tina timatsekeka. Pamalopo pamatupa, ndipo kachigawo ka ubongo kamene kasowa magazi kamafa. Vutoli amalitcha radiation necrosis.

Chimene chimasokoneza anthu ndi nthawi yake. Vutoli limaoneka mochedwa, kawirikawiri pakati pa miyezi 6 ndi zaka 2 chithandizo chitatha, pena kuposerapo. Pofika apo banja limakhala litaiwala kale za cheza chija.

Zizindikiro zake, monga mutu wosamva mankhwala, kusanza, kufooka mbali imodzi ya thupi, kuiwalaiwala ndi kugwa, ndi zomwezo zimene chotupa chimabweretsa. Ngakhale pa chithunzi cha MRI ziwirizi zimafanana, kotero dokotala angafune kujambula kangapo, mwinanso kudula kachidutswa kuti akakapime. Musamuone ngati akuzengereza.

Chithandizo chilipo. Kachigawo kakufa sikadzukanso, koma kutupa kukaphwa ambiri amapezako bwino. Mankhwala oyamba amakhala dexamethasone. Amenewa amakweza shuga m'magazi, ndipo n'koopsa kuwasiya mwadzidzidzi, choncho dokotala ndiye amachepetsa mlingo wake pang'onopang'ono. Akalephera, pali mankhwala ena otchedwa bevacizumab, kapena opaleshoni.

Inu osamalira wodwala, sungani mapepala onse a chithandizo cha cheza, makamaka ngati anakachilandira kunja kwa dziko. Ife anamwino timavutika wodwala akafika chimanjamanja, osadziwa kuti anamuwotcha mbali iti ndi liti. Akagwa, mugonekeni chammbali, musamuike supuni m'kamwa, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, mapepalawo ali m'manja.