Zipsera za nthomba pa zithunzi za nduna za ku Korea

Mu ulamuliro wa Joseon, womwe unakhalapo ku Korea kuyambira 1392 mpaka 1910, nduna zophunzira zinkajambulidwa ndi utoto pansalu ya silika kuti zidzukulu zizidzazilemekeza m'nyumba zokumbukira makolo. Akatswiri ojambula ankakhulupirira kuti akalakwitsa ngakhale tsitsi limodzi, ndiye kuti ajambula munthu wina. Choncho sankakometsera nkhope ya aliyense: makwinya, mawanga ndi zipsera ankazijambula monga zinalili. Chilungamo chimenechi n'chimene chachititsa kuti zithunzizi, kuwonjezera pa kukhala chuma cha mtundu, zikhalenso mboni ya matenda akale.

Dokotala wa khungu, Lee Sung-nak, anafufuza zithunzi zoterezi zoposa 500. Nkhope ya O Myeong-hang, yemwe anamwalira mu 1728, ili ndi timaenje ta nthomba mbwee, komanso ndi yakuda modabwitsa, zomwe dokotalayu akuganiza kuti zinabwera chifukwa cha matenda a chiwindi. Song Chang-myeong anajambulidwa ndi mawanga oyera kumaso, chizindikiro cha nthenda ya vitiligo. Chae Je-gong, nduna yaikulu ya Mfumu Jeongjo, akuoneka ndi diso lopenyera kumbali. Pa nkhani ya nthomba, mabuku a mbiri akugwirizana ndi zithunzizi: Mfumu Sukjong inadwala nthomba mu 1683, ndipo Ji Seok-yeong anayamba kupereka katemera wamakono wa nthendayi ku Korea mu 1879.

Ena angatsutse kuti wojambula si dokotala, ndiponso utoto umasintha pakapita zaka. Pa nkhani ya chiwindi, chenjezoli n'lomveka, chifukwa kuda kwa khungu pakokha sikutsimikizira nthenda. Koma timaenje ta nthomba ankachita kutijambula kamodzikamodzi, ndipo utoto wa khungu ankaupaka kuseri kwa silika, kumene sunkasupuka msanga. Enanso angati zithunzizi ndi za amuna olemera okhaokha amene anapulumuka. Izi n'zoona, ndipo sizingatiuze chiwerengero cha omwalira. Komabe ngati nthomba inalowa mpaka kunyumba yachifumu, anthu wamba sakanaizemba.

Bungwe la WHO linalengeza mu 1980 kuti nthomba yatheratu padziko lonse, moti madokotala ambiri a lero sanaonepo wodwala nthendayi. N'chifukwa chake okonza zithunzi zakalezi ayenera kusamala kuti asafufute kapena kusalaza chipsera chilichonse, poganiza kuti ndi dothi kapena kuwonongeka kwa nsalu.